Ndi chikwama kumsana, kuchoka pa Songwe mpaka ku Zanzibar

Aliyense wokhala ku Karonga, Nkhata Bay, Salima kapena Monkey Bay adawaonapo. Anyamata ndi atsikana achizungu, nkhope zitapsa ndi dzuwa, chikwama chili kumsana ngati mwana, akulimbirana mpando m'minibasi ndi amayi a geni ya usipa.

Ena amawaseka kuti ndi azungu osauka. Komatu anthuwa amaona maiko angapo ndi ndalama zomwe mabwana ena amathera pa hotela imodzi, chifukwa amakwera zomwe eni dziko amakwera, kudya zomwe eni dziko amadya ndi kugona m'maresitihausi otchipa.

Ambiri mwa iwo akachoka kuno amalowera ku Tanzania. Msewu umenewu Amalawi amaudziwa bwino, pakuti ndi womwewo wokaodera zitenje ndi nsapato ku Dar es Salaam. Kusiyana kwake n'kwakuti wa geni amangotsika basi, kumanga mabelo n'kubwerera, osadziwa kuti kufupi ndi komwe wagonako kuli malo osunga mbiri ya makolo ake.

Ulendowu umayambira pa chipata cha Songwe, chomwe kutsidya amachitcha Kasumulu. Mmalawi safunika viza, pasipoti ndi yokwanira. Akangooloka mlatho akankhe wotchi ndi ola limodzi kutsogolo, ndipo asamale ndi kawerengedwe ka nthawi ka Chiswahili. Kumeneko tsiku amayamba kuliwerenga dzuwa likatuluka, choncho kondakitala akati basi inyamuka "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa. Safunsa adadya phula.

Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 800, ulendo wa tsiku lathunthu. Msewu umadzera ku Iringa ndi Morogoro, ndipo umang'amba pakati nkhalango ya Mikumi, komwe wokhala ku zenera amaona njovu ndi nyamalikiti osalipira kanthu. Palinso njanji ya TAZARA, yomwe idamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, koma sitima yake idatchuka ndi kuchedwa.

Dar es Salaam ndi mzinda wotentha ndi wodzaza, ngakhale likulu la dziko lili ku Dodoma. Msika wa Kariakoo nawo uli ndi nkhani yake. Dzinali lidachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ntchito yomwe idapha anthu ambiri a ku Nyasaland. M'chipwirikiti cha pamsikawu foni ndi ndalama zisakhale m'thumba la kumbuyo.

Tauni ya Bagamoyo ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa mzindawu. Anthu amati dzinali lidachokera ku mawu akuti "bwaga moyo", kutula mtima pansi, poti m'Chiswahili moyo ndi mtima. Apa ndi pomwe amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera ku nyanja ya Tanganyika ankafikira pagombe.

Ndi panonso pomwe Susi, Chuma ndi anzawo adatula mtembo wa David Livingstone mu February 1874, atausenza miyezi isanu ndi inayi kuchoka kwa Chitambo m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Chuma adali Myao yemwe adaomboledwa m'manja mwa ogula akapolo kuno kwathu m'chaka cha 1861. Pa mishoni ya Katolika, yomwe idayamba mu 1868, nsanja ya tchalitchi chomwe mtembowo udagonamo ikadalipo.

Koma akapolo ambiri a kuno sankadzera ku Bagamoyo. A Jumbe a ku Nkhotakota ankawaolotsa nyanja m'madau, kenaka n'kuwayendetsa wapansi miyezi itatu kapena inayi mpaka ku Kilwa, makilomita pafupifupi 300 kum'mwera kwa Dar es Salaam. Amene wapulumuka panjira ankamukweza chombo cha ku Zanzibar kukagulitsidwa.

Lero boti lothamanga limatenga maola awiri okha kuchoka ku Dar es Salaam kukafika pachilumbachi. Pasipoti amaionanso padoko ngakhale ndi dziko limodzi. M'mwezi wa October 2024 boma la Zanzibar lidayamba kulipiritsa alendo akunja inshuwalansi ya madola 44, ndiye n'kwanzeru kufunsa za ndalamayi musanagule tikiti, makamaka poti ndalama zakunja zimavuta kupeza.

Mzinda wakale wa Stone Town, womwe bungwe la UNESCO lidauika m'kaundula wa malo otetezedwa m'chaka cha 2000, uli ndi tinjira topapatiza moti galimoto silowa. Kusochera ndi gawo la ulendo. Madzulo anthu amakhamukira ku Forodhani, m'mphepete mwa nyanja, kukadya nsomba zootcha ndi kumwa madzi a nzimbe. Pomwepo pali nyumba zachifumu zomwe Angerezi adaziphulitsa pa 27 August 1896 pa nkhondo yomwe siidathe ndi ola lomwe.

Malo oti Mmalawi asawaphonye ndi a Mkunazini, pomwe padali msika wa akapolo womwe udatsekedwa mu 1873. Chaka chomwecho amishoni a UMCA adayamba kumangapo tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, ndipo zimanenedwa kuti guwa lake lili pomwe padali mtengo wokwapulirapo akapolo. Panja pali dzenje lokhala ndi ziboliboli zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi. Alendo amatsikiranso m'tizipinda tiwiri ta pansi, tamdima, momwe owatsogolera amati munkapanikizidwa anthu odikira kugulitsidwa.

Wochokera ku Likoma sangadabwe ndi za m'tchalitchimu. Ndi amishoni omwewo adamanga St Peter's pachilumba chija, ndipo matchalitchi onse awiri ali ndi mtanda wosemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo womwe patsinde pake adakwirirapo mtima wa Livingstone. Mzungu wa chikwama amajambula chithunzi n'kumapita. Mmalawi akaima pa dzenje lija sangakane kuti mwina wina wa kumtundu kwake adagulitsidwa pabwalo lomwelo.

Zikatha izi mpomwe munthu angapite kugombe. Timabasi ta daladala timafika ku Nungwi kumpoto kapena ku Paje ndi Jambiani kum'mawa. Wozolowera nyanja ya Malawi amadabwa kawiri. Madzi ake ndi amchere, samweka ndipo sopo sachita thovu. Chinanso, kum'mawako nyanja imathawa mtunda wautali kawiri patsiku, amayi n'kulowa kukakolola ndere zomwe amalima pazingwe, kenaka madzi aja n'kubwerera mwaliwiro moti wotengeka ndi kutola zigoba amazindikira ali m'chiuno.

Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu. Zovala zosambira zimathera pamchenga, ndipo m'mwezi wa Ramadan kudya poyera masana kumakwiyitsa eni mudzi.

Asananyamuke munthu ayambe wamvetsera wailesi. Ziwawa zomwe zidabuka pa chisankho cha pa 29 October 2025 zidaimitsa mabasi ndi intaneti kwa masiku angapo, ndipo apaulendo ambiri adasowa kolowera.