Mayi wa Khasu Asaiŵalike

Mvula yoyamba ikagwa, wotsogola kumunda m'midzi yathu amakhala mayi. Ndiye amabzala, kupalira ndi kubandira. Chimanga chikauma ndiyenso amakolola, kutonola ndi kupeta. Koma tikafunsa kuti munda ndi wa yani, ndalama za zokolola asunga ndani, nanga mlangizi alankhula ndi yani, dzina la mayiyu silimveka. Ife tikuona kuti nkhani imeneyi njofunika kuti akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi ailingalire mofatsa.

Vuto loyamba ndi malo. M'maboma a chikamwini monga Zomba, Mulanje ndi Chiradzulu munda umadzera kwa mayi, koma kaŵirikaŵiri mau omaliza amakhala a malume, eni mbumba, ndipo mindayo yachepa chifukwa cha kugaŵana. Kumene akazi amalowoledwa, monga ku Mzimba ndi ku Nsanje, mkazi amalima pa malo a kuchimuna. Mwamuna akamwalira, ena amauzidwa kuti abwerere kwao, kusiya nthaka imene aithira manyowa zaka zambiri. Malamulo alipo ndithu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena poyera kuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa kuti mwa anthu 6 osankhidwa mu komiti ya malo, osachepera atatu akhale amayi. Komatu lamulo longokhala m'kabati kuboma silingateteze mayi amene sanalimvepo.

Vuto lachiŵiri ndi nthaŵi. Mayi yemweyo ndiye wotunga madzi, wotola nkhuni, wophika ndi wodwazika matenda. Pofika Januwale, m'nkhokwe mukatha chakudya, amapita kukalima ganyu m'munda wa wina kuti apeze ufa wa tsiku limodzi, pamene munda wake ukumera tchire. Chimanga chopalira mochedwa sichibereka bwino. Kotero njala ya chaka chotsatira imafika msanga, ndipo ganyuyo amayambanso msanga. Apa palibe ulesi. Ndi msampha umene chilala cha 2024 ndi namondwe Freddy wa 2023 zinangoukhwimitsa.

Vuto lachitatu ndi ulangizi ndi zipangizo. Tivomere kuti m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 alangizi ndi makalabu a ngongole ankasamala kwambiri abambo, makamaka achikumbe, pamene amayi ankaphunzitsidwa kuphika ndi kusoka ngati kuti khasu saligwira. Chizoloŵezi chimenechi sichinatheretu. Feteleza wotsika mtengo, amene Boma linayamba kugulitsa kwa alimi ambiri mu 2005, wathandiza mabanja ochuluka. Koma taona amayi a ana kumsana akugona pamzere masiku angapo, ena nkubwerera chimanjamanja. Ndipo kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la kusitolo linafika poti mayi wamasiye sangalilote.

Vuto lomaliza ndi msika. Nandolo, mbeu imene amayi a m'chigawo cha Kumwera amaidalira, anagwa mtengo koopsa mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula kunja. Ngakhale chaka chabwino, mayi wosoŵa ndalama ya kuchigayo amagulitsa mtedza wake pakhomo kwa mavenda, pa sikelo imene sangathe kuiŵerenga.

Nanga tichite chiyani? Tikupempha mabwanamkubwa ndi mafumu kuti malamulo a malo ndi a masiye afotokozedwe pabwalo, m'chiyankhulo chimene anthu amamva. Alangizi aitane misonkhano pa nthaŵi imene amayi aŵeruka kumunda ndi kumtondo, ndipo alembe dzina la munthu amene amalimadi mundawo. Magulu a banki m'khonde alimbikitsidwe kuti azisunga ndi kugulitsa mbeu pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu aphunzitsi, udindo wanu ngwaukulu koposa. Mtsikana akajomba m'nyengo ya kupalira, musangolemba m'kaundula. Pitani kwao mukamve chimene chachitika. Mtsikana amene mwamsunga m'kalasi lero ndiye maŵa adzaŵerenga sikelo, kuŵerengera ngongole ndi kuimirira pabwalo la mfumu kunena kuti mundawu ndi wake.