Kodi Mumadziwa? Zotsekemera za Patrick Woyera Zimapsanso pa Mbaula ku Maramba

Kodi mumadziwa kuti mathithi a Mosi-oa-Tunya anavalapo mtundu wobiriwira chifukwa cha chikondwerero cha dziko la Ireland? Mu Malichi 2019 madzi aja anawalitsidwa ndi magetsi obiriwira pokumbukira Patrick Woyera, nkhoswe ya dzikolo, amene tsiku lake ndi 17 Malichi. Bungwe lokopa alendo la Tourism Ireland ndilo linayambitsa mwambowu mu 2010, wowalitsa malo otchuka a m'mayiko osiyanasiyana patsikuli.

Kodi mumadziwa kuti chibale cha tauni ya Livingstone, kumene kuli mathithiwa, ndi Ireland chinayamba kale magetsiwo asanaganiziridwe n'komwe? Ansembe a chipani cha Capuchin ochokera ku Ireland anafika m'tauniyi mu 1931, nthawi imene Livingstone inali idakali likulu la Northern Rhodesia, boma lisanasamukire ku Lusaka mu 1935. Anakhazikika pano, kenako n'kukwera ndi mtsinje wa Zambezi kukatsegula mamishoni pakati pa Alozi. Mu 1936 Bambo Killian Flynn anaikidwa kukhala mkulu wa Mpingo wa Katolika m'chigawochi. Dayosizi ya Livingstone itakhazikitsidwa mu 1959, episkopi wake woyamba anali Timothy Phelim O'Shea, nayenso wa ku Ireland, ndipo amene anadzalowa m'malo mwake ndi Ambuye Adrian Mung'andu. Choncho mayi wa m'tauni muno, wa ku Dambwa kapena ku Libuyu, akaphika kanthu kotsekemera pa 17 Malichi, asamuone ngati wangotengeka ndi za pa foni.

Nanga zoti Patrick mwiniwakeyo sanabadwire ku Ireland? Kwawo kunali ku Britain. Anagwidwa ukapolo ali ndi zaka 16, anaweta ziweto ku Ireland zaka 6, anathawa, ndipo pambuyo pake anabwereranso komweko kukalalikira. Izi zinachitika m'zaka za m'ma 400.

Kodi mumadziwa kuti tsikuli nthawi zonse limagwa mkati mwa Lenti? Chaka chilichonse, Pasaka abwere msanga kapena mochedwa. Apa ndi pamene pagona nkhani ya zotsekemera. Kale ku Ireland anthu ankasala mwamphamvu, osakhudza nyama, ndipo ambiri ankasiyanso mazira, batala ndi mowa. Koma likafika tsiku la nkhoswe yawo, lamulo linkafewetsedwa. Mpaka lero ana ambiri kumeneko amene asiya maswiti chifukwa cha Lenti amadziwa kuti pa 17 Malichi palibe wowaletsa.

Kodi mumadziwa kuti buledi weniweni wa ku Ireland safuna yisiti? Amafufuma ndi soda ndi mkaka wosasa basi. Tirigu amene amalola m'nthaka ndi nyengo ya kumeneko ndi wofewa, sagwirizana bwino ndi yisiti, ndiye soda atayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1830 ndi 1840, azimayi akumidzi anamulandira ndi manja awiri. Soda akakumana ndi kuwawasa kwa mkaka amatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umakweza ufa. Tsono mkaka umene iwo ankagwiritsa ntchito, wotsala akachotsa batala, ntchito yake ndi imodzimodzi ndi ya mabisi amene Atonga ndi Alozi amasasitsa tsiku ndi tsiku, omwe ku Malawi amati chambiko. Livingstone ili m'chigawo cha ng'ombe. Mabisi si osowa.

Ndipo kaphikidwe kake? Apa ndi pamene ineyo ndimaseka. Nyumba zambiri zakumidzi ku Ireland zinalibe uvuni. Ankaika ufa wokandawo mu mphika wachitsulo, kuvindikira, kuukhazika pamoto, n'kuwunjika makala amoto pamwamba pa chivindikiro kuti kutentha kuchokere uku ndi uku. Funsani mayi aliyense wogulitsa chikondamoyo mu msika wa Maramba, akuuzani kuti iyeyo ndi mmene amaphikira m'mawa uliwonse. Ku Malawi chigumu chimapsa chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankasonkhezera moto ndi dothi lakuda la m'madambo limene amaliumitsa kuti liziyaka, pamene ife tili ndi makala ndi mbaula.

Kodi mumadziwa kuti buledi yemweyo amasanduka wa chikondwerero mukangowonjezera zinthu zitatu? Mphesa zouma, shuga pang'ono ndi dzira. Akatero amamutcha spotted dog, ndipo kale ankaphikidwa pa masiku apadera okha chifukwa mphesa ndi shuga zinali zodula. Muyeso wake ndi uwu: ufa wa tirigu magalamu 450, soda supuni yaing'ono imodzi, mchere supuni yaing'ono imodzi, shuga masupuni aakulu awiri, mphesa zouma magalamu 100, dzira limodzi, ndi mabisi okwana pafupifupi mamililita 350. Sakanizani ndi dzanja mwachangu. Musakande ngati mukupanga mabanzi, chifukwa mukachulutsa kukanda amalimba, mudzathyola mano. Umbani chozungulira, chekani mtanda pamwamba ndi mpeni, muike pamoto nthawi yomweyo popeza soda sadikira. Pakatha mphindi 40 kapena 45 mutembenuzeni n'kugogoda pansi pake ndi chala. Akamveka kuti gu gu, ngati mulibe kanthu mkati, wapsa.

Mtanda uja ena amati ndi wodalitsa buledi, agogo ena a kumeneko amati ndi wotulutsira timizimu tobisala mu ufa. Wophika amadziwa kuti umathandiza kutentha kufika pakati.

Kodi mumadziwa kuti anthu a ku Ireland anadyapo phala la chimanga, ndipo poyamba linawapweteka? Pa njala yaikulu imene inayamba mu 1845 mbatata yawo ya kachewere itaola ndi matenda, boma la Britain linagula chimanga ku America. Anthu sankadziwa kuchigaya bwino ngakhale kuchiphika mokwanira, ndiye ambiri chinawatsegula m'mimba. Pa njalayo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, enanso ochuluka choncho anathawira kunja. Koma ufa wa chimanga chachikasu unatsalira m'makhitchini mwawo kwa zaka zambiri, ndipo ankausakaniza ndi wa tirigu pophika buledi wa soda. Ndiye mukaponyamo chikho cha mgaiwa kuti fulawa akwane, simunalakwire mwambo wa wina aliyense.

Kodi mumadziwa kuti pali keke imene amathiramo mowa wakuda? Dzina lake ndi porter cake. Amawiritsa mowawo pamodzi ndi batala, shuga wofiirira ndi zipatso zouma, akazizira n'kuthiramo ufa, mazira ndi zonunkhiritsa. Ambiri amagwiritsa ntchito Guinness, mowa umene Arthur Guinness anayamba kufulula ku St James's Gate mumzinda wa Dublin atasaina pangano la lendi mu 1759, la zaka 9,000. Keke imeneyi simuidya tsiku lomwe mwaphika. Mumaikulunga bwino, ikhale masiku angapo, kukoma kwake kukhwime. A mipingo imene mowa saukhudza asadandaule: pali ina yofanana nayo, barmbrack, imene zipatso zake amazinyika usiku wonse mu tiyi wakuda wozizira. Kwawo amaikonda kwambiri kumapeto kwa Okutobala, ndipo amabisamo mphete. Woipeza ndiye kuti ukwati wayandikira.

Ina ndi keke ya maapozi, yothira kasitadi wotentha pamwamba. Kwawoko, ku County Armagh, amalima maapozi owawasa otchedwa Bramley. Kuno maapozi ambiri amachokera ku South Africa ndipo mtengo wake mukuudziwa. Malichi ndi nyengo ya magwafa. Chotsani njere, dulani tizidutswa, ayesereni.

Palinso chakudya chotsekemera chimene amapanga powiritsa mkaka ndi ndere za m'nyanja yamchere zotchedwa carrageen, mpaka mkakawo ugwirane. Chimenecho tisiyire eni ake, Zambezi alibe.

Kodi mumadziwa kuti makeke obiriwira ngati utoto, amene amadzaza pa intaneti mu Malichi, ambiri ndi nzeru za ku America? Kumeneko kuli zidzukulu zambiri za anthu amene anachoka ku Ireland, ndipo iwo ndi amene anakulitsa chikondwererochi. Mzinda wa Chicago wakhala ukuthira utoto wobiriwira mu mtsinje wake kuyambira 1962. Ku Ireland kwenikweniko tsikuli linakhala tchuthi cha boma mu 1903, ndipo kwa zaka zambiri linali la Misa ndi chakudya cha pabanja, moti ngakhale malo omwera mowa ankatsekedwa mwalamulo. Mtundu umene poyamba unkayendera limodzi ndi Patrick Woyera unalinso wabuluu. Wobiriwira unadzapambana pambuyo pake, pamodzi ndi shamrock, kamsipu ka masamba atatu kamene nthano imati Patrick ankaphunzitsira nako za Utatu Woyera.

Mukafunabe kubiriwirako, musawononge ndalama pa kabotolo ka utoto. Kwa iwo Malichi ndi nthawi imene chisanu chikutha ndipo mitengo ikuphuka. Kwa ife mvula ikupita kumapeto, Zambezi akudzaza, utsi wa mathithi ukuoneka patali, ndipo mapeyala ali mbwee pamsika. Peyala lakupsa, kulipota ndi shuga, mkaka pang'ono ndi madzi a ndimu, limapereka zopaka pa keke zobiriwira bwino, ndipo ndimuyo amaliletsa kuda msanga. Ufa wa masamba a chammwamba nawo umabiriwitsa, koma kasupuni kamodzi n'kokwanira. Mukapyola pamenepo keke imanunkha ndiwo.

Kodi mumadziwa kuti Patrick Woyera ndi nkhoswenso ya dziko la Nigeria? Maepiskopi a kumeneko anamusankha mu 1961. Ndipo chipani cha ansembe chotchedwa ndi dzina lake, St Patrick's Missionary Society, chimene chinayamba mu 1932 ku Kiltegan ku Ireland, chagwira ntchito mu Dayosizi ya Chipata komanso ku Malawi.