Shuga wotsalira pansi pa ndowa ndi ndalama yotayika

Nyengo yotentha ikafika, malonda a mafilizi, thobwa ndi juwisi wa zinanazi amayenda bwino m'misika ya Limbuli, Chitakale ndi Nkando. Koma phindu la malonda amenewa limathera pa shuga, ndipo ambiri amamuthira mongoyerekeza ndi maso. Wogulitsa akadziwa mmene shuga ndi mchere zimasungunukira m'madzi, amawononga zochepa ndipo katundu wake amakoma mofanana tsiku lililonse.

Choyamba kudziwa nchakuti madzi amakhuta. Shuga akamathiridwa m'madzi, amasungunuka mpaka pamlingo wina wake. Kupyola pamenepo madzi salandiranso, ndipo wotsalayo amangokhala pansi ngakhale munthu atatakasa mpaka mkono kuwawa. Lita imodzi ya madzi osatenthetsa imatha kusungunula shuga wokwana makilogalamu 2. Madzi owira amasungunula wopitirira kawiri pamenepo. Mchere ndi wosiyana: lita imodzi imakhuta ndi magalamu pafupifupi 360, ndipo kuwiritsa madziwo kumangowonjezera pang'ono chabe, kufika pafupifupi magalamu 390. Choncho amene akukonza madzi a mchere oviikamo nsomba asataye makala poganiza kuti moto uthandiza.

Chakumwa chogulitsa sichifika pokhutapo. Ndiye shuga akapezeka pansi pa ndowa ya juwisi, vuto si kuchuluka kwake koma kuti sanapatsidwe mpata wosungunuka. M'madzi ozizira shuga amasungunuka pang'onopang'ono. Wogulitsa akalawa pamwamba namva kuti sanakolere, amawonjezera wina, pamene woyamba uja akadali pansi. Mapaketi oyambirira amatuluka osukuluka, omalizira otsekemera mopyoza, ndipo shuga wina amapita ndi madzi otsukira ndowa.

Njira yopewera zimenezi ndi kuyamba wapanga manyuchi. Kilogalamu imodzi ya shuga isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi otentha mpaka timibulu tonse titatha. Zotulukapo zimakwana lita imodzi ndi theka kupitirira pang'ono, chifukwa shuga nayenso amatenga malo. Manyuchiwo akazizira, ndiwo athiridwe m'ndowa. Amasakanikirana ndi madzi nthawi yomweyo ndipo palibe chotsalira.

Chachiwiri ndi kukolera, kapena kuti mphamvu ya msanganizo. Funso lofunika si lakuti shuga wathiridwa wochuluka bwanji, koma wochuluka bwanji pa lita iliyonse. Zakumwa zambiri zotsekemera za m'mabotolo zimakhala ndi shuga wa magalamu pafupifupi 100 pa lita. Potengera mlingo umenewu, kilogalamu imodzi ya shuga ikwanira malita 10 a chakumwa, ndipo ndowa ya malita 20 ifuna makilogalamu 2. Amene akuthira makilogalamu 3 m'ndowa yomweyo akutaya paketi yathunthu pa ndowa iliyonse. Akamapanga ndowa imodzi patsiku, pakutha pa mwezi ndi mapaketi 30. Juwisi wa zinanazi zakupsa amafuna shuga wocheperapo, poti chipatsocho chimabwera ndi wake kale.

Kwa opanga mafilizi pali chifukwa china chosamalira mlingo. Madzi okhaokha amaundana pa madigiri 0, koma shuga akachuluka amafuna kuzizira koposa pamenepo kuti aundane. Nchifukwa chake mafilizi otsekemera kwambiri amachedwa kulimba m'firiji ndipo amafewa msanga ali m'bokosi kumsika, makamaka magetsi akakhala kuti anazimapo usiku.

Kusungunula ndi madzi kumatsitsa mphamvu mwa masamu osavuta. Madzi akawonjezedwa mpaka chakumwa chichuluke kawiri, kukolera kwake kumatsika ndi theka. Ndi mmene Sobo amagwirira ntchito: m'botolo amakhala wamphamvu, ndipo pachikalata chake amalemba mlingo wa madzi oyenera. Wogulitsa amene amapyola mlingowo kuti makapu achuluke amapindula tsiku limodzi, koma lilime la kasitomala silinamizika.

Pali malonda ena amene mphamvu yambiri ndiyo imafunika. Jamu wa zinanazi amasungika chifukwa shuga amakhala woposa theka la kulemera kwake, nthawi zambiri magawo 60 kapena kuposerapo pa 100 alionse. Shuga wochuluka chonchi amamana madzi tizilombo towoletsa chakudya. Mchere pa nsomba umagwira ntchito yomweyo. Pamenepa kuumira ndi kuluza, chifukwa jamu wochepa shuga amachita nkhungu asanagulidwe. Komanso manyuchi amene adzazidwa shuga mopitirira muyeso ali pamoto amabweza timibulu akazizira, popeza madzi ozizira sangasunge zonse zimene otentha analandira.

Mlingo umakhudzanso moyo wa ogula. Mliri wa kolera umene unayamba m'dziko muno mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo matendawa amafala kudzera m'madzi ndi zakudya zosasamalika. Shuga wa m'filizi sapha tizilombo, kuundanitsa nakonso sikupha. Madzi opangira zakumwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala. Pa WaterGuard, mlingo wake ndi kachitsekero kamodzi pa malita 20 a madzi oyera, ndipo adikire mphindi 30 asanagwiritsidwe ntchito. Klorini amene amagawa alangizi a zaumoyo ali ndi mlingo wakewake, woyenera kufunsa kwa iwo. Akachepa sateteza, akachuluka chakumwa chimanunkha mankhwala ndipo ogula amathawa.

Zida zofunika pa zonsezi ndi zochepa: ndowa imodzi yolembedwa chizindikiro pa malita 10 ndi 20, kapu imodzi yoyezera yosasinthasintha, ndi kope lolembamo mlingo umene makasitomala aukonda. Mlingo ukalembedwa, ngakhale mwana wotumidwa akhoza kupanga chakumwa chofanana ndi cha dzulo, ndipo mwini malonda amadziwiratu kuti paketi imodzi ya shuga itulutsa mafilizi angati asanaike mtengo.