Kachitsulo kobisika kuseri kwa chiwongolero cha ndege

M'chaka cha 2010, bungwe la FAA, lomwe limayang'anira maulendo a pandege ku America, lidalamula kuti ziwongolero za ndege zina zing'onozing'ono za kampani ya Piper, za mtundu wa PA-28, PA-32, PA-34 ndi PA-44, ziunikidwe. Lamuloli lidatuluka bungweli litalandira malipoti awiri a ziwongolero zolumikizidwa molakwika. Gwero la nkhawa lidali bowo limodzi, lobooledwa pamalo olakwika pomwe paipi ya chiwongolero imakumana ndi kachitsulo kotchedwa universal joint. Chitsulo chotsala m'mbali mwa bowo lotere chikang'ambika, chiwongolero chimatsala m'manja mwa woyendetsa ndege chosagwira kanthu.

Kachitsuloka sikachilendo kwa amakaniko a galimoto, chifukwa n'kachibale ka mfundo ija ili pa propshaft ya lole. Kali ndi mafoloko awiri oyang'anizana, omangidwa pakati ndi timapini topingasa, ndipo ntchito yake n'kupititsa mphamvu yozungulira kuchoka pa chitsulo china kupita pa chinzake ngakhale ziwirizo zisali pamzere umodzi. Ena amakatchula ndi dzina la Robert Hooke, katswiri wa sayansi wa ku England yemwe adakafufuza m'zaka za m'ma 1600.

M'ndege monga Piper PA-28 kapena Cessna 172, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 1956 ndipo zoposa 44,000 zapangidwa, chiwongolero chimagwira ntchito ziwiri. Chikakokedwa kapena kukankhidwa, chimasuntha timapiko takumchira, mphuno ya ndege n'kudzuka kapena kuwerama. Chikapotozedwa kumanja kapena kumanzere, chimasuntha timapiko ta kunsonga kwa mapiko akuluakulu, ndege n'kupendekeka. Paipi yake imadutsa pa bolodi la mamita n'kukafika pa mzati womangidwa chapansi, umene mutu wake umayenda mokhota ngati uta. Paipi yowongoka ndi mzati woyenda mokhota sizingamangidwe mouma, n'chifukwa chake pakati pake pali universal joint. Zikutanthauza kuti ntchito ziwiri zija zimadutsa pa kachitsulo kamodzi komweka, ndipo kakaduka, chiwongolerocho chataya zonse ziwiri nthawi imodzi.

Kamatha mwakachetechete. Nthawi zambiri kamavekedwa chikuto cha labala chosunga girisi. Labalayo ikauma n'kung'ambika, girisi amatha, fumbi limalowa, timapini n'kuyamba kudyeka. Chizindikiro chake n'kugwedera: chiwongolero chimayenda pang'ono timapiko tisanayankhe. Woyendetsa amene amauluka ndege yomweyo sabata ndi sabata amakuzolowera kugwederako, moti kawirikawiri amayamba kukudandaula ndi mlendo. Makaniko amagwira mwamphamvu chitsulo cha kutsidya kwa mfundoyo, wina n'kumagwedeza chiwongolero, kuti adziwe ngati vuto lili m'mfundomo, m'bowo la bawuti, kapena m'tcheni ndi nthambo za patsogolo. Kusintha mfundo pamene cholephuka ndi tcheni n'kutaya ndalama.

Kuchotsa kakale n'kotopetsa chabe. Makaniko amagona chagada pansi pa bolodi, mutu uli pafupi ndi zopondera, tochi ili pambali, manja akudutsa m'mawaya a wailesi ndi mamita. Chovuta chenicheni chili pomanga katsopano. Nthawi zambiri kamafika kosaboola, pakuti mabowo a ndege iliyonse adabooledwa payekhapayekha, choncho bowo latsopano liyenera kutsata lomwe lili kale pa paipi. Apa ndi pamene pagona ngozi. Mfundo ikapanda kulowa mokwanira, bowo limagwera kumapeto ndipo chitsulo chimachepa mphamvu. Bowo likakula pang'ono, kugwedera kumabwerera tsiku lomwelo. Likapendekeka, chiwongolero chimakhala chokhota pamene timapiko tili pakati, ndiponso sichigwirizana ndi chinzake cha mpando wina. M'ndege zomwe zimagwiritsa ntchito pini yosongoka, bowo limapalidwa pang'onopang'ono ndi chida chapadera mpaka piniyo itakhazikika pa muyeso wolembedwa m'buku la kampani. Makaniko wanzeru amaboolera pa tebulo, atalemba zizindikiro, osati atagona m'ndege momwe tizidutswa ta chitsulo tingagwere m'mawaya.

Ntchitoyi si ya mwini ndege, ngakhale akhale waluso. Malamulo a FAA amalola woyendetsa kudzichitira ntchito zing'onozing'ono monga kusintha oyilo kapena tayala, koma kumasula zowongolera ndege kumafuna makaniko wachiphaso. M'mayiko ambiri, kuphatikizapo a ku Ulaya, munthu wachiwiri amene sadagwire nawo ntchitoyo amayenera kuiunikanso.

Zonse zikamangidwa, chiwongolero chimakokedwa mpaka kumapeto, kukankhidwa mpaka kumapeto, kwinaku chikupotozedwa uku ndi uku, pofuna kuona ngati mutu wa bawuti sukukola waya kuseri kwa bolodi. Wina amaima panja kuyang'ana mapiko: chiwongolero chikapita kumanja, kaphiko ka kumanja kadzuke, ka kumanzere katsike. Akakhutira, makaniko amalemba m'buku la ndegeyo tsiku, ntchito yomwe wagwira ndi nambala ya chiphaso chake, kenaka n'kusayina.