Mabauti Awiri Amene Asunga Makina ndi Nkhalango

M'maboma a Petauke ndi Nyimba kulira kwa makina odulira mitengo, ochedwa chainsaw, sikulinso kwacilendo. Kale amisiri anali kuceka matabwa a mlombwa ndi mupapa pa dzenje, wina pamwamba wina pansi, ndipo cipika cimodzi cinali kuwadyera masiku. Makinawa apepukitsa nchitoyo, koma ali ndi malo amodzi amene eni ake ambiri sayang'anapo: mabauti amene agwira sailensa.

Sailensa ndi kabokosi kacitsulo kokhala kutsogolo kwa injini, kamene utsi upitamo potuluka. Nchito yake ndi kucepetsa phokoso ndi kutaya utsi wotentha kutali ndi munthu. M'makina ena muli kasefa kogwira mbaliwali za moto. Pa makina ambiri kabokosi konseka kagwidwa ndi mabauti awiri kapena atatu okha, olowa m'silinda.

Mabautiwa amasuka pa zifukwa ziwiri. Coyamba ndi kunjenjemera, pakuti injini izungulira koposa maulendo 10,000 pa mphindi imodzi. Caciwiri ndi kutentha. Silinda ndi ya aluminiyamu pamene mabauti ndi acitsulo, ndipo aluminiyamu akatentha afutukuka pafupi-fupi kawiri kuposa citsulo. Kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kufooketsa mabauti pang'ono-pang'ono kufikira atayamba kugwedera.

Makina otere adziulula okha. Phokoso likula, pamveka kulira kwa zitsulo zogundana, ndipo mwaye wakuda uoneka pamene sailensa ikumana ndi silinda. Munthu akanyalanyaza, utsi wotentha upsereza gasiketi ndi kusungunula pulasitiki ya makina. Bauti yogwedera idya mazinga a m'silinda, ndipo mazingawo akatha silinda ifuna mmisiri kapena kugula ina. Zipangizo zotere kawiri-kawiri zifunidwa ku Chipata kapena ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 400 kucokera ku Petauke.

Coopsa koposa ndi moto. Kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala udzu wa m'mapiri a Nyimba ndi m'cigwa ca Luangwa ukhala wouma gwa. Mbaliwali imodzi yothawa pa sailensa yomasuka ikhoza kuyatsa lupsa limene lingapsereze mitengo yaing'ono, udzu wofolerera nyumba, ngakhale nkhokwe za m'mudzi.

Kumanga mabautiwa sikufuna mphamvu koma nzeru. Mwini makina ayenera kuyamba wadikira injini izizire, cifukwa mazinga a aluminiyamu wotentha aonongeka msanga. Acotse kapu ya pulagi kuti makina asalire mwangozi. Apukute mwaye pa mabauti ndi m'mabowo, aone ngati gasiketi ili yamoyo, ndipo ngati yapsa aikepo ina. Bauti yopindika kapena yodyeka itayidwe.

Pobwezera, mabauti onse ayambe kulowetsedwa ndi zala. Bauti ikalimba isanalowe kwenikweni, ndiye kuti yapita mokhota. Aitulutse ndi kuyambanso. Pambuyo pake amange mosinthana-sinthana, iyi pang'ono inzake pang'ono, kuti sailensa ikhale molingana. Sipanala ikhale yoyenera mutu wa bauti: makina ambiri a Stihl afuna kiyi ya nyenyezi ya T27. Kuonjeza paipi pa sipanala kuti bauti ilimbe kwambiri ndiko kupha mazinga. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Makina ena ali ndi kacitsulo kopyapyala kamene makutu ake apindidwa pa mutu wa bauti kuti isazungulire. Kameneka kasataidwe. Manati okhala ndi pulasitiki mkati sayenera pamalo pano, pakuti pulasitikiyo isungunuka. Cimodzi-modzi mankhwala omatira mazinga amene sanapangidwire malo otentha kwambiri. Kukulunga sailensa ndi waya kungabise vuto kwa tsiku limodzi, koma sikukonza kanthu.

Makina akagwira nchito kufikira thanki imodzi ya mafuta itatha, awasiye azizire ndi kuyesanso mabauti, cifukwa gasiketi yatsopano iphwa ikatentha koyamba. Kucokera apo, kuyesa mabauti kukhale mwambo wa m'mawa uliwonse, pamodzi ndi kunola cheni.

Lamulo la Nkhalango la 2015 lifuna kuti wodula mitengo ya malonda akhale ndi cilolezo cocokera ku Dipatimenti ya Nkhalango. Koma cilolezo sicizima moto. Munthu amene wapatsidwa mwai wodyera m'nkhalango ali ndi udindo woisiya yamoyo kuti ana adzaipeze, ndipo udindowo uyambira pa kanthu kakang'ono: sipanala m'thumba, ndi mphindi ziwiri makina asanalire. Madzi akatayika saoleka.