Bokosi la wailesi yolankhulirana pa nthawi ya ngozi

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, madera ambiri a ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje anakhala opanda magetsi, misewu ndi milatho zitakokoloka. Ambiri foni anali nayo m'thumba koma sinawathandize. Paja foni imadalira mlongoti wa netiweki, ndipo mlongotiwo umadalira magetsi. Wailesi yolankhulirana ilibe vuto limeneli. Mawu amachoka pa wailesi yanu n'kukafika pa ya mnzanu mwachindunji, osafunanso mayunitsi.

Mawailesiwa alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa m'manja uja timautcha ova-ova. Imeneyi imayenda pa VHF, pakati pa 144 ndi 146 MHz, ndipo mphamvu yake ndi mawati 5 basi. Mawu ake amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, ndiye phiri likatchinga safika. Pamtunda imafika makilomita ochepa, koma panyanja, poti palibe chotchinga, imapitirirako. Ndiyo yoyenera pakati pa boti ndi doko mwera ukayamba. Wa kudoko akamangirira eriyo yake pamwamba pa nsungwi yaitali, amamva maboti akutali kuposa amene wangoigwira m'manja.

Mtundu wachiwiri ndi wa HF. Mawu ake amakwera kumwamba, n'kugunda mpweya wa kutali mlengalenga, n'kubwerera pansi. Motero amalumpha ngakhale phiri la Mulanje n'kukatsikira pa mtunda wa makilomita mazana. Masana imagwira bwino pa 7 MHz. Eriyo yake mutha kupanga nokha: dulani mawaya awiri, iliyonse mamita 10, imodzi ipite uku ina uko, pakati pake mulumikize nthambo yopita ku wailesi. Imangeni pakati pa mitengo iwiri, mamita atatu kapena asanu kuchokera pansi. Musadandaule kuti yatsika. Eriyo yotsika ndiyo imaponya mawu m'mwamba kuti agwere maboma oyandikana nawo. Usiku pamafunika 3.5 MHz, ndipo waya aliyense atalike kawiri.

Tsono m'bokosi muikemo izi: wailesi, eriyo yokulunga bwino, chingwe chomangira, batire ya mavoti 12, sola ndi kontirola yake, mafyuzi apadera, tochi, kope ndi pensulo.  Ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro chothina ndi bokosi lokwanira, madzi salowa ndipo munthu mmodzi amanyamula pothawira kumtunda.

Nkhani yaikulu ili pa batire. Wailesi ya HF ikamangomvetsera imadya moto pang'ono, pafupifupi ampu imodzi, koma mukalankhula pa mawati 100 imakoka maampu ngati 20. Choncho tsitsani mphamvu ifike pa mawati 10 kapena 20, ndipo lankhulani mwachidule. Masiku a namondwe dzuwa silioneka, sola sithandiza kwenikweni, ndiye batire ikhale yodzaza mvula isanayambe. Isakhale yomwe ana amatchajira mafoni.

Samalaninso zinayi izi. Musalankhule eriyo isanalumikizidwe, mungawotche wailesi. Waya wofiira apite ku pulasi, wakuda ku mayinasi, fyuzi ikhale pafupi ndi batire. Musatchaje batire ya asidi m'ndowa yotseka, chifukwa imatulutsa mpweya woti ungaphulike. Kukayamba ziphaliwali, zulani nthambo ya eriyo n'kuiponya panja.

Kumbali ya malamulo, wailesi zimenezi sitingogula n'kuyamba kulankhula. Pamafunika laisensi yochokera ku MACRA, ndipo mwini laisensiyo amapatsidwa dzina loitanira. La kuno ku Malawi limayamba ndi 7Q. Wailesi ya mtundu umenewu si yochitira malonda ayi. Mitengo ya usipa kambiranani pa foni. Kalabu ya alimi kapena komiti ya pa doko isankhe achinyamata awiri kapena atatu oti aphunzire ndi kutenga laisensi, ndalama zogulira zida musonkherane. Mutu umodzi susenza denga.

Chomaliza, wailesi imathandiza pokhapokha wina akumvetsera mbali inayo. Gwirizanani ndi midzi ina nambala yokumanirapo ndi nthawi yake, monga 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, muzilembe pachivindikiro cha ndowa. Poitana tchulani dzina lanu loitanira, malo amene muli, chimene chachitika, anthu angati, ndi chimene mukufuna. Wolandirayo alembe m'kope n'kubwereza kuti mutsimikize. Yeserani kamodzi pa mwezi kuyambira Okutobala, nthawi yomwe tikusosa m'minda, kuti chovuta chilichonse chioneke madzi asanafike pakhomo.