Bowa wochiza nkhawa: mankhwala kapena chirombo?

Mvula ikangoyamba, misika ya ku Salima imasintha. Pa Kamuzu Road komanso m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay, amayi amayala utale pafupi ndi usipa. Makolo adatiphunzitsa kuti wodyedwa ndiye bowa, winayo ndi chirombo.

Komatu m'maiko ena madotolo ali kalikiliki kufufuza ngati mtundu wina wa chirombochi ungachize matenda a nkhawa, aja amene munthu amangokhala ndwii, osagona, osafuna chakudya, mpaka kuganiza zodzipha.

Bowayu ali ndi mankhwala otchedwa psilocybin, omwe katswiri wa ku Switzerland, Albert Hofmann, adawatulukira mu 1958. Munthu akamwa amaona ndi kumva zinthu zomwe palibe kwa maola 4 mpaka 6.

Mu 2022 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu 233 omwe mankhwala ena a nkhawa adawakanika. Omwe adamwa mamiligalamu 25 kamodzi kokha adapezako bwino patatha masabata atatu kuposa omwe adamwa miligalamu imodzi. Koma ambiri adadandaula mutu, nseru ndi chizungulire, ndipo ena adali ndi maganizo odzipha.

Dziko la Australia lidalola madotolo ovomerezeka a matenda a maganizo kupereka psilocybin kuyambira Julaye 2023. Kuno ku Africa, akatswiri a yunivesite ya Stellenbosch adalengeza mu 2024 za bowa wotere womera pa ndowe za ng'ombe, yemwe asing'anga a ku Lesotho amagwiritsa ntchito.

Kodi ndiye msodzi yemwe maukonde ake apita ndi mwera, ngongole ili pakhosi, alowe m'tchire kukazula chirombo? Ayi ndithu. Pa kafukufukuyo mankhwala adali opangidwa ku fakitale, oyezedwa bwino, ndipo wodwala ankayang'aniridwa ndi alangizi tsiku lonse. Odwala misala sankaloledwa, poti psilocybin ikhoza kuwonjezera vutolo. Chinanso, chirombo china chimawononga chiwindi ndi kupha patangotha masiku ochepa.

Ngati m'bale wanu wasintha khalidwe, musamuseke kapena kuthamangira kunena kuti walodzedwa. Khalani naye pansi, mumvereni, kenako mupite naye ku chipatala cha boma cha Salima. Matenda akakula, kuli chipatala cha Zomba Mental komanso St John of God ku Lilongwe ndi Mzuzu.

Mutu umodzi susenza denga. Utale tidye ndi nsima, chirombo tiwasiyire ofufuza.